Tiyambire pa Doko: Maganizo pa Ulendo Wathu wa Kumpoto



Ambiri mwa ife amene tidakulira ku Kawale, ku Biwi, ku Chinsapo, ku Area 23, ku Area 25 ndi ku Mgona, tikamanena kuti nyanja timaidziwa, timatanthauza Senga Bay ku Salima. Timanyamuka mbandakucha pa basi yahayala, kukasamba, kudya nsomba yokazinga ngati thumba lalola, n'kubwerera kwathu usiku womwewo mchenga udakali m'makutu. Kumpoto kwa dziko lathu timangokumva m'kalasi ndi pa wailesi. Si zodabwitsa tsono kuti m'magulu athu a achinyamata mwabuka khumbo loti pa tchuthi chachikulu tikaone mapiri a ku Rumphi, kenaka tikakwere sitima ya Ilala ndi kubwerera kudzera panyanja. Khumbo limeneli ndi labwino, pajatu akuluakulu adati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.

Chimene chatipatsa maganizo sabata ino ndi kakonzedwe kake. Tikakhala pansi kuti tikambirane, aliyense amatchula malo amene mtima wake ukufuna, mlembi n'kumalemba pa bolodi: Mzuzu, Nyika, Vwaza, Livingstonia, Karonga. Sitima imalembedwa pansi penipeni, ngati kuti idzakhala chiimire pa doko kudikira ana a ku Lilongwe. Ife tikuona kuti bolodi limeneli liyenera kuwerengedwa kuchokera pansi kukwera m'mwamba. Ulendo wotere umayamba kukonzedwa ndi tsiku ndi malo okwerera sitima, ndipo zina zonse zimapatsidwa malo malinga ndi masiku ndi ndalama zimene zatsala.

Tiyambe taidziwa sitimayo. Ilala idapangidwa m'chaka cha 1949 ndi kampani ya Yarrow kufupi ndi mzinda wa Glasgow ku Scotland. Idabwera m'zidutswazidutswa kudzera ku Mozambique, idalumikizidwa m'mphepete mwa nyanja yathu, ndipo idayamba kuyenda m'chaka cha 1951. Kutalika kwake ndi mamita 52, ndipo idakonzedwa kuti izinyamula anthu pafupifupi 365 pamodzi ndi katundu. Dzina lake idatengera kwa Ilala yoyamba, sitima yaing'ono imene amishoni a ku Scotland adalowa nayo m'nyanja ino m'chaka cha 1875, pokumbukira dera la Ilala ku Zambia kumene David Livingstone adamwalira m'chaka cha 1873. Kunena zoona, ndi gogo wa zaka zoposa 70, ndipo gogo amadwaladwala: nthawi zina imaimikidwa ku Monkey Bay kwa masabata ngakhale miyezi ikukonzedwa.

Kwa zaka zambiri chizolowezi chake chakhala chotere: imanyamuka ku Monkey Bay Lachisanu, kudutsa ku Likoma ndi ku Chizumulu Loweruka, kufika ku Nkhata Bay, kenaka n'kuima m'madoko ang'onoang'ono monga Usisya, Ruarwe ndi Mlowe, mpaka kukafika ku Chilumba m'boma la Karonga Lamulungu madzulo. Kumeneko imatembenuka usiku womwewo kulinga kum'mwera, kuimanso ku Nkhata Bay Lolemba, ku Likoma Lachiwiri, ndi kukafika ku Monkey Bay Lachitatu. Chinthu chimodzi tichigwiritse pamenepa: pa doko lililonse sitimayi imadutsa kamodzi pa sabata kupita kumpoto, kamodzinso kupita kum'mwera. Basi ya ku Mzuzu ikatisiya pa depoti timakwera ina, koma Ilala ikatisiya ku Chilumba tidzaionanso pakatha masiku asanu ndi awiri. Ikhoza kuchedwa maola ambiri chifukwa chokweza ndi kutsitsa matumba a chimanga, simenti ndi usipa, ndipo pamenepo ndife amene timaidikira. Iyo siidikira munthu. Nchifukwa chake ntchito yoyamba ya komiti ndi kufunsa kwa oyendetsa sitimayo ngati ikuyenda, ndiponso mndandanda wa maulendo ake m'sabata imene tasankha, n'kudzafunsanso kutatsala masiku ochepa. Safunsa adadya phula.

Tikadziwa tsikulo, tisankhe doko. Madoko oyenera gulu lochokera ku Lilongwe ndi awiri. Nkhata Bay ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 50 kuchokera ku Mzuzu, pa msewu wa phula, ndipo maminibasi amayenda tsiku lonse. Ndi doko losavuta, loyenera gulu la masiku ochepa. Chilumba ili kutali, kuseri kwa chitunda cha Chiweta, koma wokwerera kumeneko amaona gombe limene galimoto sizifikako bwino, kumene mapiri amagwera m'madzi mwachindunji ndipo midzi ina monga Ruarwe imadalira nyanja ngati msewu wake. Chigawo chimenechi cha nyanja ndicho chakuya koposa, pena mpaka mamita 700. M'madoko ang'onoang'ono sitima imaima patali, maboti ake n'kumatuta anthu ndi katundu kupita kumtunda, ndipo tsiku limenelo mudzi wonse umatsikira kugombe. Amene akufuna kuona zimenezi asankhe Chilumba, koma adziwe kuti wasankhanso ulendo wautali wa pamtunda.

Tsopano tiwerenge masiku chobwerera m'mbuyo, titayerekeza kuti tasankha Chilumba. Lamulungu madzulo tiyenera kukhala tili pa doko, matikiti ali m'manja. M'mawa mwa tsikulo tikhoza kupita ku Misa ku parishi ya St Anne's komweko ku Chilumba, mu Dayosizi ya Karonga imene idakhazikitsidwa m'chaka cha 2010, kotero kuti Lamulungu lisatipeze tili pa msewu. Loweruka likhale tsiku lopanda chochita china chilichonse, tili kale m'mphepete mwa nyanja, ku Chitimba kapena ku Chilumba. Lachisanu ndilo lotsika kuchokera ku Livingstonia. Lachinayi ndi lochoka ku Rumphi kukwera ku Livingstonia. Lachiwiri ndi Lachitatu ndi a kumalo osungirako nyama, ndipo Lolemba lonse lathera pa msewu wa M1, kuchoka ku Lilongwe kudzera ku Mponela, Kasungu, Jenda ndi nkhalango ya Chikangawa mpaka ku Mzuzu, mtunda wa makilomita oposa 350. Taonani mmene sabata yathera. Pa malo asanu aja amene tidalemba pa bolodi, mwalowa Mzuzu wongogonapo, Livingstonia, ndi malo amodzi okha a nyama. Karonga, ndi nyumba yake yosungiramo zakale imene idatsegulidwa m'chaka cha 2004 momwe muli chifanizo cha mafupa a chinyama chakale chotchedwa Malawisaurus, watsalira ulendo wina.

Tsiku la Loweruka lija ndilo limene ambiri adzafune kulidya. Wina adzaimirira n'kunena kuti, "A wapampando, tingakhale bwanji tsiku lathunthu osachita kanthu pamene Karonga ali pafupi?" Funso lake ndi lomveka, pakuti tsiku lililonse la ulendo limadya ndalama. Koma tiganize zimene zimachitika pa misewu yathu. Tayala limaphulika pakati pa nkhalango. Minibasi imakhala maola awiri pa siteji kudikira kuti idzaze. Mafuta a galimoto adasowa kangapo m'dziko muno pakati pa 2022 ndi 2025, mizere ya pa malo omwetsera mafuta n'kumagona komweko. Pa Chiweta lole imodzi ikafa pa ngodya, msewu wonse umaima. Mnzathu mmodzi akhoza kudzuka thupi likutentha, n'kufunika kupita naye kuchipatala kukayezetsa malungo. Chilichonse mwa zimenezi chimadya theka la tsiku kapena tsiku lathunthu. Ngati Loweruka lili lopanda kanthu, vutolo limadya Loweruka ndipo sitima timaipeza. Ngati Loweruka talidzaza, vutolo limadya sitima. Zonse zikayenda bwino, tsikulo silinatayike: tidzachapa zovala, tidzagula kamba wa m'sitima, tidzacheza ndi asodzi, miyendo n'kupumula.

Pa malo a nyama pafunika kusankha, ndipo kusankha kumawawa. Nyika ndiyo paki yaikulu koposa m'Malawi, ya makilomita oposa 3,000 m'bwalo lake lonse, ndipo idakhazikitsidwa m'chaka cha 1965. Ndi dziko la pamwamba, la zitunda za udzu zotsatizana mpaka pamene diso lalekezera, mbali yaikulu ili pamwamba kuposa mamita 2,000, ndipo nsonga ya Nganda imapitirira mamita 2,600. Kumeneko mbidzi, ntchefu ndi chilembwe zimadya poyera, ndipo m'nyengo ya mvula kumaphuka maluwa a mtundu wa orchid a mitundu yoposa 200. Koma kufika ku Chelinda, kumene alendo amagona, ndi ntchito. Kuchokera ku Rumphi ndi makilomita oposa 100, kudzera pa chipata cha Thazima, gawo lalikulu pa msewu wafumbi umene umafuna galimoto yamphamvu yahayala. Tsiku limodzi limathera kukwera, lina kutsika. Wofuna Nyika awonjezere tsiku pa ulendo wake, awonjezerenso ndalama.

Vwaza ili kufupi ndi Rumphi, m'chigwa, ndipo kufika pa nyanja yaing'ono ya Kazuni sikufuna ndalama zambiri. M'chilimwe njovu ndi njati zimabwera kudzamwa madzi pamenepo, mvuu zili m'madzimo. Kumeneko mdani ndi kashembe, ntchentche yoluma imene imafalitsa matenda a kaodzera, matenda amene amapezekadi m'boma la Rumphi. Tivale zovala zofika m'mikono ndi m'miyendo, tipewe zakuda ndi zabuluu zimene kashembe amazikonda, ndipo wina akadzamva kutentha thupi titabwerako akawauze achipatala kumene adapita. Gulu la thumba lopepuka lisankhe Vwaza mosachita manyazi. Gulu limene lakonzeka bwino lisankhe Nyika. Kufuna zonse ziwiri m'masiku awiri ndiko kuja adanena akulu kuti ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada: tidzathera nthawi yonse m'galimoto, tikuona fumbi m'malo mwa nyama. Kulikonse kumene tasankha, aliyense atenge chiphaso chake cha unzika, chifukwa mtengo wolowera wa Mmalawi ndi wotsika kuposa wa mlendo wakunja, ndipo pa chipata amafuna umboni.

Livingstonia ndiyo imalumikiza mapiri ndi nyanja, ndipo nchifukwa chake taiika kumapeto kwa ulendo wa pamtunda. Amishoni a ku Scotland adayamba ntchito yawo ku Cape Maclear m'chaka cha 1875, adasamukira ku Bandawe m'chaka cha 1881, ndipo m'chaka cha 1894 Dr Robert Laws adakhazika likulu pa phiri la Khondowe, pothawa malungo a m'mphepete mwa nyanja. Nyumba yake yamiyala, Stone House, lero ndi malo osungiramo zakale za mishoniyo. Chapafupi pali mathithi a Manchewe, amene madzi ake amagwa mamita oposa 100. Kuchokera ku Rumphi kuli msewu wodzera ku Njakwa umene umakwera pang'onopang'ono. Kutsikira kunyanja kuli msewu wotchuka wa Golodi, wa makilomita pafupifupi 15 ndi ngodya zakuthwa makumi awiri, wokathera pa Chitimba. Achinyamata amphamvu amatsika wapansi, nyanja ili patsogolo pawo njira yonse. Tikalowera ku Njakwa ndi kutulukira ku Golodi, sitibwereza msewu, ndipo tsiku lililonse limatisendeza kufupi ndi doko. Nayi mfundo yothandiza pokonza ulendo uliwonse wotere: malo akutali ndi ovuta tiyambe nawo, ndipo pamene tsiku la sitima likuyandikira, ifenso tikhale tikuyandikira madzi.

Nyengo nayo ili ndi mawu ake. Tchuthi chachikulu cha sukulu chimagwa cha mu Ogasiti, nthawi imene misewu yafumbi ili youma ndipo nyama zimaoneka bwino. Koma kuyambira Meyi mpaka Ogasiti ndi nyengonso ya mwera, mphepo yochokera kum'mwera imene imautsa mafunde aakulu panyanja, ndipo sitima yolinga kum'mwera imalimbana nayo maso ndi maso. Pa Nyika, mu Juni ndi Julayi kumazizira mpaka mame amaundana pa udzu. Seputembala ndi Okutobala nyanja imakhala yodekha koma kugombe kumatentha koopsa. Kuyambira Disembala mpaka Epulo dziko limabiriwira, maluwa a pa Nyika amaphuka, koma misewu imaterera ndipo milatho ina imakokoloka. Palibe mwezi wopanda chovuta chake, walira mvula walira matope. Chofunika ndi kudziwa chimene tasankha, n'kulongedza moyenera. Chikwama chimodzi chomwecho chikhale ndi juzi yokhuthala, bulangete ndi chipewa za ku mapiri, komanso neti yoteteza udzudzu ya kugombe. Bulangete lidzatithandizanso m'sitima, pakuti mphepo ya panyanja usiku imalowa m'mafupa.

Nyanja tiilemekeze. Pa 30 Julayi 1946, sitima ya Vipya idagubuduzika ndi mphepo yamkuntho kufupi ndi gombe la Chitimba, limene nthawi imeneyo linkatchedwa Florence Bay, ndipo anthu 145 adamira. Pa Pasaka wa chaka cha 2017, boti lodzaza anthu ochokera ku mapemphero lidagubuduzika kufupi ndi Mlowe m'boma la Rumphi, ndipo miyoyo idatayika. Sitikutchula zimenezi pofuna kuopseza wina aliyense, pakuti Ilala yadutsa m'madzi omwewo kwa zaka zambirimbiri. Tikuzitchula chifukwa gulu limene sitima yalisiya limayamba kuganiza mopupuluma. Wina amati tipeze boti la injini tiithamangire pa doko lotsatira, mwini boti n'kuvomera kunyamula anthu makumi awiri m'malo mwa khumi, kunja kukuda, zovala zoyandamitsa palibe. Ngozi zambiri zimabadwa kuchokera ku kuchedwa kumene kudachitika dzulo lake pamtunda. Tigwirizane tisadanyamuke kuti sitima ikatisiya, tidzabwerera pa msewu, ndipo palibe amene adzatsegulenso nkhaniyo pa gombe.

Pali msampha winanso pa chilumba cha Likoma. Aliyense amafuna kuona tchalitchi chachikulu cha St Peter's cha abale athu a Anglican, chimene adayamba kumanga m'chaka cha 1903 pa chilumba chaching'ono chozunguliridwa ndi madzi a dziko la Mozambique. Sitima imaima pa Likoma maola angapo, malinga ndi kuchuluka kwa katundu. Wotsika ali ndi njira ziwiri: kuthamanga kukaona tchalitchicho ndi kubwerera lipenga la sitima lisadalire, kapena kutsala pa chilumbapo masiku angapo kudikira kuti Ilala idzadutsenso. Njira zonse ziwiri ndi zabwino ngati zidakonzedwa kale. Choipa ndi kukonza yoyamba n'kugwera m'yachiwiri chifukwa anyamata atatu adatsalira pa msika. Tisadatsike, mtsogoleri afunse kwa ogwira ntchito m'sitima nthawi yonyamukira, ndipo gulu liyende limodzi. Tidziwiretunso kumene tidzatsikire komaliza, kaya ku Nkhotakota kaya ku Monkey Bay malinga ndi mndandanda wa sabatayo, pakuti kuchokera kumeneko pali ulendo wina wa basi wobwerera ku Lilongwe umene ambiri amaiwala kuuwerengera.

Tafika tsono pa ndalama, ndipo apa ndi pamene nkhaniyi imatikhudza mumtima. Mitengo sitiilemba pano chifukwa imasintha msanga. Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo aliyense wa ife adaona mmene mtengo wa minibasi yochokera ku Area 25 kupita m'tauni udakwerera. Mtengo umene tafunsa lero tidzaufunsenso mwezi wonyamukira. Chimene tingalangize ndi kagawidwe kake. Msungichuma agawe thumba patatu. Gawo loyamba ndi la tikiti ya sitima, chakudya cha m'sitima ndi basi yobwerera kwathu, ndipo limeneli limangidwe, lisakhudzidwe ngakhale zitavuta bwanji pamtunda. Gawo lachiwiri ndi la ngozi: kugona usiku wina wosayembekezeka, mankhwala, kapena kubwerera pa msewu sitima ikalephereka. Zotsala ndizo za ulendo wa pamtunda, ndipo ndizo zidzatiuze ngati tikupita ku Nyika kapena ku Vwaza. Ambiri timachita mosemphanitsa: timayamba kudya za pamtunda mokondwa, n'kufika pa doko tikuwerenga makobidi. Ndalama zina zikhale pa Airtel Money kapena pa Mpamba, zina m'manja mwa anthu awiri osiyana, chifukwa kumapiri ndi pakati pa nyanja netiweki imasowa. M'sitima muli magawo a mitengo yosiyana, kuyambira pansi pamene pamakhala anthu ambiri ndi katundu wawo mpaka zipinda zogona za pamwamba. Gulu lonse likwere gawo limodzi, limene wosauka koposa pakati pathu angalikwanitse.

Tikunena za wosauka chifukwa m'gulu lathu si tonse ofanana, ngakhale timavala malaya amodzi a gulu. Alipo amene bambo awo amagwira ntchito ku Capital Hill, amene foni imodzi yokha ikhoza kuwabweretsera ndalama ya basi kulikonse kumene ali. Aliponso mlongo wathu amene mayi ake amagulitsa tomato pa msika wa ku Mgona, amene wasonkha ndalama yake pang'onopang'ono kwa miyezi isanu ndi umodzi, mwinanso mayiwo adakongola ku banki mkhonde kuti mwana wawo asatsalire anzake. Alipo mbale wathu wa kabaza amene sabata imene ali pa ulendo ndi sabata yopanda malipiro. Ulendo ukasokonekera, woyamba uja amadandaula n'kuimba foni. Awiri enawa alibe woimbira. Iwo ndi amene adzagone ndi njala pa depoti ya ku Mzuzu, ndipo ndi amene adzabwerere kwawo osaiona sitima imene adaivutikira theka la chaka. Tsiku lopanda chochita lija ndi thumba la ngozi lija, zimene ena amaziona ngati kuwononga, ndizo chitetezo cha anzathu amenewa. Amene amakankha kuti tidzaze masiku onse ndi kudya ndalama zonse kawirikawiri ndi amene ali ndi pothawira. Komiti yabwino imamvera mawu a amene sayankhula kwambiri pa msonkhano, n'kuyeza ulendo wonse ndi thumba lake.

Muyezo womwewo ugwire ntchito pa mphamvu za thupi. Achinyamata ena adzafuna njira ya masiku atatu yoyenda wapansi kuchokera ku Chelinda kutsikira ku Livingstonia, imene ilipodi ndipo amayenda ndi wolondolera wa ku paki. Ndi njira yokongola kwa amene adazolowera mapiri. Koma ngati m'gulu muli wa chifuwa cha mphumu, kapena amayi amene atiperekeza m'malo mwa makolo, liwiro la gulu ndi liwiro lawo. Kunena za makolo, aliyense wosakwana zaka 18 abweretse chilolezo cholembedwa, ndipo pakhale munthu wamkulu wamwamuna ndi wamkazi oyenda nafe. Kunyumba kutsale pepala losonyeza kumene tidzagone usiku uliwonse ndi manambala a atsogoleri. Mayi akafunsa kuti, "Mwanangu, Lachinayi udzagona kuti?" mwana ayankhe dzina la malo, asayankhe kuti tikaona komweko. Malo ogona tipemphe nthawi ikadalipo, kaya ndi m'nyumba za alendo, kaya ndi m'holo ya parishi kapena ya sukulu, ndipo kalata ipite msanga kuti eni malo asadzidzimuke ndi khamu la alendo madzulo.

Tikumbukirenso kuti tikupita kwa eni ake. Ku Mzuzu ndi ku Rumphi anthu amayankhula Chitumbuka, ku Nkhata Bay Chitonga, ku Karonga Kyangonde. Chichewa adzatimva, koma moni wa m'chinenero chawo amatsegula zitseko: "Monire" ndi "Yewo" sizitenga tsiku kuphunzira. Kugombe adzatipatsa kondowole, nsima ya chinangwa, ndi usipa kapena batala. Tidye moyamika, tisayerekeze ndi nsima ya kwathu pamaso pa wophika. Tisajambule munthu tisadapemphe. Tikaona utsi wakuda ukukwera pakati pa nyanja tisakuwe kuti kwabuka moto: ndi nkhungu, tizilombo touluka timene anthu a kugombe amagwira ndi kupanga ndiwo. Usiku tidzaona nyali za asodzi a usipa zitandanda pamadzi ngati mzinda. Tisambe pamene eni dera atiuza kuti ndi pabwino, popewa ng'ona ndi likodzo limene limakonda madzi odekha a m'mabango. Ilala yomweyo tidzakwera ife ngati alendo okaona dziko, koma kwa mayi wa ku Chizumulu amene wanyamula matumba a ufa ndi mwana kumsana, ndiyo basi yake. Pokwera boti timupatse mpata ayambe ndiye.

Tsono pa msonkhano ukubwerawu, tikupempha komiti iliyonse imene ikulingalira za ulendowu kuti ifufute bolodi ndi kuyambanso. Pamwamba palembedwe tsiku ndi doko lokwerera sitima, zitatsimikizidwa ndi oyendetsa ake. Pansi pake palembedwe tsiku lopuma. Kenaka masiku abwerere m'mbuyo limodzilimodzi mpaka tsiku lonyamuka pa depoti ya ku Lilongwe. Msungichuma achotse za sitima, za basi yobwerera ndi za ngozi, anene poyera zimene zatsala. Pamenepo ndi pamene tikambirane za Nyika ndi Vwaza, ndipo woyamba kufunsidwa maganizo akhale uja amene ndalama yake idabwera movutikira. Malo amene sadzalowa chaka chino alembedwe m'buku la gulu kuti achinyamata a chaka chamawa adzawapeze. Nyika idzakhalapobe, Karonga naye sathawa.

Amene mudayendapo kumpoto kapena mudakwerapo Ilala, makamaka inu makolo ndi agogo athu ochokera ku Rumphi, ku Nkhata Bay ndi ku Likoma amene mukukhala nafe m'makwalala a Lilongwe muno, chonde bwerani ku msonkhanowo mudzatiunikire, pakuti mutu umodzi susenza denga.